Kumene nyanja imauma nkusanduka msewu: ngozi za ayezi wa panyanja kwa anthu a ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi

Ku Nunavut, chigawo chachikulu cha kumpoto kwenikweni kwa Canada, kuli midzi ndi timatauni 25 ndipo palibe olo umodzi umene unalumikizidwa ndi unzake ndi msewu. Ukafuna kukaona achibale mudzi wina ndi ndege basi, tikiti yake si yamasewera, apo ayi boti m'miyezi yochepa ija nyanja imakhala yotseguka. Miyezi ina yonseyo, imene madera ena imapitirira theka la chaka, anthu amayenda pamwamba pa nyanja yeniyeniyo itauma gwa. Amakwera snowmobile, njinga yamoto yoyenda pa ayezi ija, kumbuyo atakoka chingolo chamatabwa chopanda matayala chimene amachitcha qamutik, ku Greenland ena akadali pa agalu, nde ulendo wokasaka, wokawedza, wopita kumaliro mudzi wina, wonsewo umadutsa panyanja. Ndekuti tikamanena za ngozi za ayezi tisamangoganiza za akatswiri ofufuza ovala majekete ofiira aja ayi, nkhaniyi kwenikweni ndi ya anthu wamba amene njira yawo yopita kokapeza ndiwo imatha kutseguka pansi pa mapazi awo.

Tisiyanitse kaye zinthu ziwiri. Zimapiri za ayezi zoyandama zija, ngati chimene chinamiza Titanic mu 1912, zimachokera pamtunda, ndi sinowo amene wakhala akupanikizana zaka masauzande kenako nkuthyokera m'nyanja. Ayezi amene tikukamba pano ndi madzi a m'nyanja momwemo, amchere, amene amayamba kuuma kukazizira kufika madigiri pafupifupi 1.8 kunsi kwa ziro. Poyamba pamangooneka timibulu tosalimba pamwamba pa madzi, kenako timagwirana nkupanga chikhungu chopyapyala chakuda chosakwana masentimita 10, ndipo chodabwitsa nchakuti chimenechi chimapindika, funde likamadutsa pansi chimakwera nkutsika osasweka. Mchere suuma nawo, umatsalira m'timatumba ta madzi mkati mwa ayeziyo, nchifukwa chake ayezi wa m'nyanja yamchere amakhala wofooka kusiyana ndi wa pamtsinje wokhuthala chimodzimodzi. Pakutha pa nyengo yozizira imodzi amatha kufika mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri. Amene wapulumuka chilimwe osasungunuka nkulowa chaka china amakhala atataya mchere wambiri, amalimba kwambiri, amafika mamita atatu kapena anayi, mpaka alenje amamusungunula nkumwa madzi ake.

Palinso kusiyana kwina kumene kwa mlenje ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Pali ayezi amene wagwira kugombe, sasuntha, ndiye msewuwo. Ndiye pali wa kutali amene amangoyendayenda ndi mphepo ndi madzi. Pamene awiriwa amalekanirana pamakhala mpata wa madzi otseguka, ndipo pamenepo ndi pamene pali zonse, anangumi amadutsa pamenepo, nyama za m'madzi zotchedwa seal zimapumira pamenepo, mbalame ndi zimbalangondo zoyera zimabweranso pomwepo. Malo oopsa kwambiri ndi omwewo amene kuli ndiwo, nde munthu sungamuuze kuti ingopewani.

Ngozi yoyamba, imene imapha anthu ambiri mwakachetechete osatuluka nkomwe m'nkhani za dziko lonse, ndi kungobowoka kwa ayezi munthu nkugwera. Vuto ndi loti pamwamba pamaoneka chimodzimodzi. Malo amene madzi amathamanga pansi, monga pakati pa zilumba kapena pamathiriro a mtsinje, ayezi amadyeka kuchokera kunsi, dzulo munadutsa bwinobwino lero patsala kachikhungu. Sinowo akagwa pa ayezi wamng'ono ndiye zoipiratu chifukwa amamufunditsa kuti asapitirize kukhuthala komanso amabisa mtundu wake, pamene mtunduwo ndi umene mlenje amawerenga: wakuda ndi wopyapyala pansi pali madzi pafupi, wotuwa wayamba kugwira, woyera walimba. A Inuit, eni nthaka a kumpoto kwa Canada ndi Greenland, amayenda ndi nthungo yaitali m'manja, akakayikira amatsika pa snowmobile nkumapita pang'onopang'ono akumenya patsogolo pawo, nthungo ikalowa ndi kumenya kamodzi kokha madzi nkutuluka, amabwerera potsata mapazi awo omwe. Amamvetseranso kulira kwake ayeziyo akamenyedwa. Amayang'ana ngakhale kumwamba, chifukwa mitambo imene ili pamwamba pa madzi otseguka imaoneka yakuda kunsi kwake pamene ili pamwamba pa ayezi imawala, nde munthu amadziwa kuti kutsogoloko kwatseguka asanafikeko nkomwe.

Kale agalu ankathandiza, akamva kuti pansi sipali bwino ankaima kapena kukhota okha. Snowmobile ilibe nzeru zimenezo, ndi yolemera, imathamanga, phokoso la injini limakutseka makutu, pomwe uzizindikira kuti apa mpakuda ndiye kuti walowapo kale ndi katundu yense.

Ukagwera m'madzi ozizira chonchi chimene chimayamba kukupha si kuzizira kwa thupi lonse monga ambiri amaganizira. Katswiri wina amene anaphunzitsa pa yunivesite ya Manitoba ku Canada, Gordon Giesbrecht, amene wafufuza zimenezi zaka zambiri, amaphunzitsa ndi manambala atatu, 1, 10 ndi 1. Mphindi imodzi yoyamba thupi limadzidzimuka, umakoka mpweya mosafuna nkumapuma mwabefu, mutu ukakhala pansi pa madzi nthawi imeneyo umameza madzi basi zathera pomwepo. Ukapirira pamenepo uli ndi mphindi ngati 10 zimene manja ndi miyendo zikumverabe, zikatha zala sizigwiranso kanthu olo chingwe akuponyere. Kenako pamatha kupita pafupifupi ola lathunthu usanakomoke ndi kuzizira. Nde nkhondo yonse ili pa mphindi 10 zija, kubwerera mbali imene unachokera chifukwa kumeneko ayezi anakunyamula, kuponda madzi ndi miyendo kuti thupi ligone chafufumimba, kukwawa, ukatuluka osaimirira koma kugubuduka. Ndipo kutuluka si kupulumuka, zovala zimauma pathupi pompo, ngati uli wekha makilomita ambirimbiri kuchokera kumudzi opanda zosinthira ndi chitofu ndiye kuti wangosintha mtundu wa imfa.

Ngozi yachiwiri ndi yoti ayezi ali wolimba bwinobwino koma chigawo chonse chimene mwaimapo chathyoka kumbuyo kwanu nkuyamba ulendo. Ku Utqiaġvik, tauni ya kumpoto kwenikweni kwa Alaska imene kale inkatchedwa Barrow, chaka chilichonse cha m'ma Epulo ndi Meyi a Iñupiat, eni nthaka a kumeneko, amasema njira ndi mapiki kudutsa m'zitunda za ayezi mpaka kukafika kumadzi otseguka, amamanga matenti kumeneko kudikira anangumi a mtundu wa bowhead. Nangumi mmodzi ndi matani makumimakumi, amamukokera pa ayezi ndi zingwe anthu ambirimbiri, nyama yake imagawidwa mudzi wonse. Mu Meyi 1997 ayezi anang'ambika pakati pa matentiwo ndi gombe, anthu 142 anapezeka akuyandama kupita kunyanja yaikulu ndipo anachita kuwatola ndi ma helikopita. Palibe anafa, koma tangoganizani kukanakhala kuti helikopita kulibe kapena nyengo inakaniratu kuti ndege iuluke. Mu Juni 2013 zofananazo zinachitikira gulu la alendo odzaona malo pafupi ndi Arctic Bay ku Nunavut, mpaka asilikali a Canada analowererapo. Chimachititsa ndi mphepo yochokera kumtunda, kapena nyanja ikakwera mwadzidzidzi nkunyamula ayezi yense kumuchotsa pamene anagwira pansi, nchifukwa chake pa msasa wa alenje pamakhala munthu amene sagona, ntchito yake kuyang'ana ming'alu ya kumbuyo ndi kuponya chingwe m'madzi kuona kumene madzi akukokera.

Mphepo ikatembenuka zimachitika mosemphana, ayezi wa kunyanja amabwera kudzagunda wa kugombe, zimiyala za ayezi zazikulu ngati galimoto zimakwerana nkupanga zitunda, pena mulu wonsewo umakwera kumtunda m'mphindi zochepa. A Iñupiat amati ivu. Mu 1982 ku Utqiaġvik komweko anafukula nyumba yakale ya zaka mahandiredi angapo muli mitembo ya anthu asanu a banja limodzi, ofufuza anapeza kuti nyumbayo inaphwanyidwa ndi ayezi anthuwo ali mkati. Mu Januwale 2006 ivu ina inaunjika ayezi pamsewu wa m'mbali mwa nyanja m'tauni yomweyo, anachita kuchotsa ndi mathirakitala.

Zonsezi si zatsopano, anthuwa akhala nazo zaka masauzande ndipo anali ndi njira zake zozizembera. Chimene chasintha, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani yonse, nchakuti ayezi wasiya kuwerengeka. Ma setilaiti anayamba kuyeza ayezi wa ku Arctic mosadukiza mu 1979. M'zaka za m'ma 1980, mwezi wa Sepitembala umene ayezi amakhala atachepetsetsa, ankatsala okuta malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 7 miliyoni. Mu Sepitembala 2012 anatsala 3.4 miliyoni basi, ndipo kutsikaku kwakhala pafupifupi 12 peresenti pa zaka 10 zilizonse. Koma nambala imene imandiopsa ine ndi ina: mu Malichi 1985 gawo limodzi mwa magawo atatu a ayezi wa ku Arctic linali la ayezi wakale wopitirira zaka zinayi, pofika 2019 wotereyu anali atatsala kupitirira pang'ono 1 peresenti. Wakale uja ndi amene ankapanga zitunda zozama zofika pansi pa nyanja nkukhala ngati zikhomo zogwira ayezi wa kugombe kuti asathawe, pano zikhomozo zachepa. Arctic ikutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi ayezi yemweyo, woyera amabweza kuwala kwa dzuwa pamene madzi akuda amamwa kutentha, ayezi akachepa nyanja imafunda, ikafunda ayezi amachedwa kugwira, zimangozungulira choncho.

Msodzi wa ku Nkhotakota amadziwa miyezi ya mwera, amadziwa kuti mitambo ikaima mwakuti lero bwato lisalowe, zimenezo anaphunzira kwa bambo ake. Nde yerekezani mwera utayamba kubwera mwezi uliwonse umene wafuna, zizindikiro zonse zija osagwiranso ntchito, amene angamire si achibwana okha, ngakhale akatswiri enieni chifukwa iwowo ndi amene amakhulupirira zimene akudziwa. Ndi zimene zikuchitika kumpotoko. Njira imene agogo ankadutsa kuyambira Novembala pano imagwira mu Disembala kapena Januwale, ndipo kumbukirani kuti imeneyi ndi miyezi ya mdima, ku Utqiaġvik dzuwa likalowa chapakati pa Novembala limadzatulukanso kumapeto kwa Januwale, ndekuti anthu akuyesa ayezi wamng'ono nthawi imene mtundu wake sungaoneke bwino. Ku Nain, mudzi wa a Inuit ku Labrador, kum'mawa kwa Canada, nyengo yozizira ya 2009 mpaka 2010 inafunda modabwitsa mpaka mvula kugwa pa ayezi, ndipo atafunsa anthu pambuyo pake anapeza kuti mmodzi mwa anthu 12 alionse amene anafunsidwa anagwerapo m'madzi chaka chimenecho. Ambiri anangosiya kupita kokasaka, ndipo kusiya kusaka kumeneko ndi njala, chifukwa chakudya cha m'sitolo chimabwera pa ndege kapena pa sitima ndipo mitengo yake ndi yoboola m'thumba. Palinso nkhani ya maganizo imene anthu akumeneko amaitchula kwambiri, munthu amene anazolowera kutuluka kupita kutali kungokhala m'nyumba miyezi, achinyamata osaphunzira njira.

Chosokoneza china nchoti ayezi akasowa ndi ngozinso. Mudzi wa Shishmaref ku Alaska, wa anthu pafupifupi 600, uli pa kachilumba kamchenga ka Sarichef m'nyanja ya Chukchi. Kale anamondwe a mu Okutobala ndi Novembala akamafika ankapeza nyanja itauma kale, mafunde analibe pokulira. Pano amapeza madzi otseguka, mafunde amamenya gombe limene nalonso dothi lake lowuma ndi kuzizira lija likusungunuka, nde limangogumuka. Namondwe wa mu Okutobala 1997 anadya gombe mamita pafupifupi 10 ndipo nyumba 14 anachita kuzisuntha. Anthu anavota kuti asamuke mu 2002, anavotanso mu 2016, koma kusamutsa mudzi wonse ndi sukulu, bwalo la ndege ndi zonse kumafuna madola mamiliyoni ambirimbiri, ndalamazo sizinapezeke ndipo akadali pomwepo akuunjika miyala m'mbali mwa nyanja. Mudzi wa Kivalina kumpoto kwake uli m'mavuto omwewo.

Zimbalangondo zoyera nazo zimasakira pa ayezi, akachedwa kugwira zimakhala kumtunda nthawi yaitali ndi njala nkumayandikira kumene kuli fungo la chakudya. Mu Febuluwale 2019 akuluakulu a ku Novaya Zemlya ku Russia analengeza kuti kuli ngozi zimbalangondo zoposa 50 zitazungulira tauni ya Belushya Guba, zina kulowa mpaka m'makhonde a nyumba, ngakhale kunena zoona dzala la zinyalala losatseka linathandiziranso kuziitana. Tauni ya Churchill ku Canada ili ndi gulu lolondera ndi nyumba yotsekeramo zimbalangondo zovuta mpaka ayezi wa panyanja yoyandikana nayo ya Hudson Bay atagwira.

Za sitima zapamadzi ndiye mbiri yake ndi yaitali. Mu 1871 sitima 33 zosaka anangumi zinapanikizidwa ndi ayezi kugombe la Alaska, anthu opitirira 1,200 anazisiya nkuthawa pa timaboti. Kummwera ku Antarctica, kumene kulibe midzi koma ofufuza ndi alendo okha, sitima ya Ernest Shackleton yotchedwa Endurance inagwidwa ndi ayezi m'nyanja ya Weddell mu Januwale 1915, ayezi anaifinya miyezi yambiri mpaka inamira mu Novembala chaka chomwecho, amuna onse 28 anapulumuka movutikira. Inadzapezeka mu Malichi 2022 pansi pa nyanja mamita 3,008, ndipo amene anaipeza ananyamuka ku Cape Town pa sitima ya South Africa yoswa ayezi ya S.A. Agulhas II, woyendetsa wake anali Knowledge Bengu. Munthu angaganize kuti ndi zakale zimenezo, pano kuli ma radar, koma mu Novembala 2007 sitima ya alendo ya Explorer inabowoka itagunda ayezi pafupi ndi Antarctica nkumira, anthu 154 anakhala maola angapo m'timaboti asanatoledwe, ndipo ofufuza ngoziyo anati woyendetsa anaona ngati ndi ayezi wofewa wa chaka chimodzi pamene munali wolimba kwambiri. Pano ayezi akuchepa sitima zikuchuluka kumpoto, za mafuta, za migodi, za alendo, malo amene doko ndi chipatala zili kutali kwambiri, nchifukwa chake bungwe la International Maritime Organization linakhazikitsa malamulo apadera otchedwa Polar Code amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2017. Ndipo ayezi wochepa sikuti ndi wofatsa, wosweka amayenda msanga ndi mphepo, amatha kutseka njira imene m'mawa inali yotseguka.

Sitima zomwezo zimasandukanso ngozi kwa oyenda pansi. Sitima yoswa ayezi ikadutsa imasiya ngalande ya madzi pakati pa msewu wa anthu, usiku kapena kukagwa sinowo ngalandeyo siioneka. Pafupi ndi Nain pomwepo pali mgodi wa nickel wa Voisey's Bay umene sitima yake imadutsa ngakhale nyengo yozizira, nde anagwirizana ndi a Inuit kuti izipuma nthawi imene ayezi akungoyamba kugwira, ndipo ikadutsa pamakhala anthu a m'deralo oika zizindikiro ndi timilatho toyandama pamalo owolokera.

Chaka choipa cha ku Nain chija ndi chimene chinabala SmartICE, ntchito imene boma la a Inuit a ku Labrador lotchedwa Nunatsiavut linayambitsa limodzi ndi Trevor Bell wa ku Memorial University. Ali ndi zida ziwiri. China ndi ndodo yaitali yokhala ndi timasensa imene amaiimika mu ayezi pamalo amene anthu a m'mudzi asankha okha, imayeza kukhuthala nkumatumiza pa setilaiti. China amachimangirira pa qamutik nkumachikoka ndi snowmobile m'njira zimene anthu amadutsa, woyendetsa amaona manambala pa sikirini pomwepo, akabwerera amatulutsa mapu a mitundumitundu nkuwaika pa intaneti ndi m'malo amene anthu amasonkhana. Ogwira ntchitoyi ndi a m'midzi momwemo, ambiri achinyamata, ndipo pano yafalikira midzi yambiri ya kumpoto kwa Canada kuphatikizapo Pond Inlet. Palinso apu ya pafoni yotchedwa SIKU imene inatuluka mu 2019, mlenje akaona mng'alu amajambula nkuika pa mapu ndi mawu a chilankhulo chawo ofotokoza mtundu wa ayeziyo kuti wobwera m'mbuyo adziwe.

Zimathandiza ndithu, koma amene amayendetsa ntchitozi amanena okha kuti sizilowa m'malo mwa nthungo ija. Mapu akuuza mmene zinalili tsiku limene makina anadutsa, pamzere umene anadutsawo basi, pamene madzi a pansi akudya ayezi usiku ndi usana ndipo mphepo ya mawa siikudziwa za mapu. Netiweki imathera pafupi ndi mudzi, mabatire amafa msanga ndi kuzizira, helikopita yopulumutsa anthu ku Nunavut nthawi zambiri imanyamuka kummwera kwa Canada maola ambiri kutali, nde oyamba kufika pangozi amakhala anthu ongodzipereka a m'mudzi momwemo, pa ma snowmobile awo, kudutsa pa ayezi yemweyo amene wameza mnzawo.